Mmene mungazindikirire zomera za gulu la Tagetes

Duwa lachikasu lisakupusitseni. Zomera zambiri za m'banja la Asteraceae, banja la mpendadzuwa, zimafanana mukaziona patali, ndipo dzina loti marigold limatchulidwa pa Tagetes ndi pa Calendula pomwe, chonsecho ndi magulu awiri osiyana. Tengani lezala, pepala loyera ndi galasi lokulitsa zinthu ka 10.

Yambani ndi tsamba. Pa mitundu yambiri ya Tagetes, tsamba limagawika timasamba tating'ono mbali zonse ziwiri, tokhala ndi mano m'mphepete. Liyang'aneni molunjika kuwala ndipo muona timadontho towala. Mmenemo ndimo muli mafuta onunkha kwambiri aja mukatikita tsamba. Mukatero sambani m'manja, chifukwa ena mafutawa amawayabwa. Tsamba la Calendula ndi lathunthu, lopanda timadonthoti.

Kenako tembenuzani duwa muone kunsi kwake, pakuti umboni weniweni uli pamenepo. Chimene timati duwa ndi mutu wa timaluwa tambiri. Pa Tagetes, timasamba tobiriwira tokuta mutuwo tili mumzere umodzi ndipo tinalumikizana n'kupanga kachikho kokhala ndi mano pakamwa, nakonso kali ndi timizere ta mafuta. Kang'ambeni ndi lezala kuchokera pamwamba kutsika. M'mphepete mupeza timaluwa tatikazi tooneka ngati lilime, pakati timaluwa ta timachubu tokhala ndi mbali yaimuna ndi yaikazi yomwe. Sankhani duwa lokhala ndi mzere umodzi wokha wa timaluwa tooneka ngati lilime tija. Mitundu yothithikana imene alimi a maluwa amakonda inasintha maonekedwe a timaluwa tapakati, ndiye imasokoneza.

Njere tengani pa mutu wouma, muzikhuthulire papepala. Zakupsa ndi zakuda, zazitali, zowonda, zokhala ndi timamba touma kumutu. Zotuwa ndi zofewa ndi zosakhwima, sizikuthandizani. Za Calendula ndi zopindika, zopanda timamba.

Gulu la Tagetes analitcha dzina ndi Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, mu 1753, ndipo lili ndi mitundu pafupifupi 50, yochokera ku Mexico mpaka ku South America. Yambiri imamera, kuchita maluwa ndi kufa m'nyengo imodzi, ngakhale Tagetes lucida, wa masamba athunthu, amakhala zaka. Tagetes erecta amatha kufika mita imodzi, mitu yake ndi yaikulu, ndipo phesi lonyamula mutu limatupa kumtunda, mkati muli mphako. Tagetes patula ndi wamfupi, wotambalala, timaluwa take nthawi zambiri tili ndi mawanga ofiirira. Akatswiri ena amati patula ndi mtundu umodzi ndi erecta, koma erecta ali ndi makromozomu (timaulusi ta m'maselo tonyamula chibadwa) 24 pamene patula ali ndi 48, n'chifukwa chake mbewu yosakaniza awiriwa, ya makromozomu 36, sibereka njere zodalirika. Tagetes minuta amatalika mpaka mamita 2, koma timitu take ndi tating'ono kwambiri, totuwira, tounjikana pansonga pa nthambi.