Galimoto ikudontha oyilo? Umu ndi momwe mungaikonzere nokha pakhomo

Anthu ambiri akapeza madontho akuda pansi pa galimoto m'mawa amathamangira sipanala n'kuyamba kulimbitsa bawuti ya pansi pa sampu (beseni losungira oyilo pansi pa injini) mpaka kuipotokola mazinga. Ena amagula chubu cha silikoni n'kumata paliponse pamene paoneka ponyowa. Vuto ndi lakuti oyilo amatsetsereka, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo. Pamene akudonthera si pamene akutulukira. Ntchito yaikulu ndi kupeza kochokera, kumangako n'kosavuta.

Ndifotokoza potengera injini ya Toyota ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, yomwe ili m'ma Probox, Sienta, Fielder ndi Axio ambiri amene adzaza m'misewu yathu. Ya 2NZ-FE ya malita 1.3 inapangidwa mofanana nayo.

Yambani ndi katoni

Yalani katoni yoyera pansi pa injini madzulo, m'mawa muone mtundu wa dontho. Oyilo wa injini ndi wabulawuni kapena wakuda, ndipo amaterera m'zala. Wofiira ndi wa giyabokosi ya otomatiki. Madzi obiriwira kapena apinki ndi a mu rediyeta. Madzi oyera opanda fungo, makamaka mukakhala kuti munayatsa AC, si vuto konse. Koma mukapeza mafuta oyererako pafupi ndi tayala, amenewo angakhale a mabuleki, galimotoyo isatuluke pageti.

Kenako solani dipisitiki galimoto ili pamalo athyathyathya, injini itazima kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo. Oyilo akhale pakati pa timadontho tiwiri ta pa dipisitikiyo. Injini imeneyi imalowa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Ndaonapo anthu akukhuthulira chigubu chonse cha malita 5 poganiza kuti akuichitira chifundo galimoto, kenako n'kumadabwa kuti masilo (malabala otchinga oyilo kuti asatuluke) akutuluka thukuta.

Tsukani, kenako fufuzani

Injini yopakika matope osakanikirana ndi oyilo wa zaka zitatu singakuuzeni kanthu. Ikazizira, kulungani alitaneta ndi pulasitiki, pakani palafini kapena mankhwala otsukira injini ndi kabulashi, mutsuke ndi madzi ochepa n'kuisiya iume. Petulo ayi, ameneyo ndi moto. Ikauma, wazani paudala wa ana m'malo amene mukuwakayikira, lizani injini kwa mphindi 15, muzimitse, n'kuyamba kuunika ndi tochi kuchokera pamwamba kutsika pansi. Pa paudala woyerayo oyilo watsopano amajambula kamzere kooneka bwino. Tsatani kamzereko kukwera m'mwamba mpaka pamene kathera. Pamenepo ndiye pali nkhani.

Mukafuna kulowa pansi, imikani galimoto pa masitandi achitsulo, muike handibuleki ndi miyala kumatayala akumbuyo. Jeke yokha musaidalire, ndipo njerwa zimaphwanyika osachenjeza.

Ngati ndi bawuti ya sampu

Apa wolakwa kawirikawiri ndi kawashala kamene kamakhala pakati pa bawuti ndi sampu. Kamayenera kusinthidwa nthawi iliyonse yothira oyilo watsopano, koma amakaniko ambiri a pansi pa mtengo amangokabwezera mpaka kataphwatalala ngati ndalama yachitsulo. Gulani katsopano, tcherani beseni loyera, masulani bawutiyo ndi sipanala ya 14, muike washala n'kumanganso. Yambani kumanga ndi zala kuti isalowe mokhota. Ngati muli ndi sipanala yoyezera mphamvu, ikani pa 38 Nm. Ngati mulibe, ikagwira ingoikokani pang'ono ndi dzanja limodzi, osaponda ndi phazi. Oyilo mwakhetsayo akhoza kubwerera m'injini ngati anali watsopano ndipo beseni linali loyera.

Ngati ndi fyuluta

Pali kacholakwa kamodzi kamene kamachitika kawirikawiri: pochotsa fyuluta yakale, kalabala kake kamatsalira kokakamira ku injini, yatsopano n'kumangidwa pamwamba pake. Malabala awiri sagwirana, ndipo oyilo amatha kutuluka wambiri nthawi imodzi. Chotsani fyuluta, pukutani pamalopo, pakani kaoyilo pa labala latsopano ndi chala, n'kumanga ndi manja. Labala likakhudza chitsulo, zungulizani magawo atatu mwa anayi a mzungulo umodzi, basi.

Ngati ndi gasiketi ya kavala ya pamwamba

Iyi ndiye imavutitsa magalimoto ambiri amene ayenda mtunda wautali. Labala lake limauma ndi kutentha mpaka kumathyoka ngati bisiketi. Zizindikiro zake ndi kunyowa m'mphepete mwa kavala, ndi fungo la oyilo wopsa lolowa m'galimoto mukaima pa maloboti, chifukwa pa injini imeneyi ekizozi ili kumbuyo ndipo oyilo amadonthera pomwepo. Nthawi zina injini imayamba kudumphadumpha chifukwa oyilo wadzaza m'mabowo a mapulagi.

Mufunika gasiketi yatsopano, soketi ya 10, pulayala, sanza zoyera ndi kachubu ka silikoni wa injini, wakuda kapena wotuwa. Wa m'bafa uja sapirira kutentha ndi oyilo. Pogula gasiketi, kaya ku Malangalanga kaya ku Limbe, tchulani nambala ya injini osati dzina la galimoto lokha, ndipo onetsetsani kuti ili ndi mbali yozungulira mabowo anayi a mapulagi. Ipindeni pang'ono: yabwino imabwerera yokha, yotchipa kwambiri imakhala yolimba ngati pulasitiki ndipo pakatha miyezi yochepa mudzakhala mukumasulanso.

Injini ikhale yozizira. Chotsani waya wa negetivu ku batire, kenako chivundikiro chapulasitiki cha pamwamba. Jambulani chithunzi ndi foni musanakhudze waya aliyense, chidzakuthandizani pobwezera. Zulani zolumikizira mawaya a makoyilo anayi okhala pamwamba pa mapulagi mosamala, poti timano tazo timakhala titauma, masulani kabawuti ka koyilo iliyonse n'kuisolola. Chotsani mapaipi awiri a mpweya olowa m'kavala, ndipo mawaya odutsa pamwamba muwasunthire pambali. Tsopano masulani mabawuti ndi manati onse a kavala. Abayeni pa katoni motsatira malo awo, chifukwa si onse ofanana kutalika.

Kavala ikakakamira, igogodeni m'mbali ndi chigwiriro cha hamala chamtengo. Musalowetse sikuludilaiva pakati n'kukanula. Kavala ndi mutu wa injini zonse ndi za aluminiyamu, ndipo mukakanda pamenepo mwapanga njira ya oyilo imene gasiketi iliyonse singatseke.

Mukatsegula muona makamushafuti awiri ndi tcheni. Phimbani ndi nsalu yoyera kuti musagwere mchenga. Chotsani gasiketi yakale yonse, palani silikoni wakale ndi kapulasitiki kolimba, mupukute mpaka pouma. Ngati m'mabowo a mapulagi muli oyilo, mumwetseni ndi kasanza musanachotse pulagi iliyonse. Lowetsani gasiketi yatsopano m'ngalande yake ya m'kavala, muidinikize ndi chala kuzungulira konse.

Silikoni amafunika malo awiri okha: pamene kavala ya tcheni ikumana ndi mutu wa injini, kutsogolo ndi kumbuyo. Kadontho kofanana ndi njere ya nyemba pamalo alionse n'kokwanira. Wochuluka amafinyikira m'kati, n'kuduka, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo, ndipo apo ndiye mwasinthanitsa vuto la gasiketi ndi vuto la injini yonse. Mukapaka musachedwe, ikani kavala pasanathe mphindi zitatu. Mangani mabawuti onse ndi zala kaye, kenako ndi soketi, kuyambira pakati kupita kunja, uku ndi uku mosinthana, maulendo awiri. Mphamvu yake ndi 10 Nm yokha. Timabawuti timeneti timaduka mosavuta, choncho gwirani sipanala pafupi ndi mutu wake. Bwezerani zonse, ndipo dikirani maola awiri musanalize injini.

Musanatseke boneti, chotsani kavalavu ka PCV (kotulutsa mpweya wa m'injini) kamene kali pa kavala n'kukagwedeza. Kakamalira kuti tcheketcheke ndiye kuti kali bwino. Kakatsekeka, mpweya umaunjikana m'injini n'kumakankha oyilo kudzera m'gasiketi yatsopano yomweyo.

Zosiyira amakaniko

Oyilo akamatuluka polumikizana injini ndi giyabokosi, ndi silo ya kumbuyo kwa kilankishafuti, ndipo kuti muifikire giyabokosi iyenera kutsika. Wotuluka kuseri kwa pule yaikulu ya pansi amafuna zida zomasulira bawuti yolimba kwambiri. Sampu yong'ambika ndi mwala wa m'misewu yafumbi, sopo amene madalaivala amamatapo angakufikitseni ku galaja, osati kupitirira apo. Ndipo getsi lofiira la oyilo likayaka mukuyenda, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini.

Mukamaliza, yendani makilomita angapo, onaninso dipisitiki, n'kuyala katoni ina usiku umenewo. Oyilo wakale muthireni m'chigubu chotseka bwino n'kukasiya ku galaja, osati m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.