Mukafuna kumudziwa bwino Satoru Iwata wa Nintendo, yambirani apa

Ambiri akamva Nintendo, kampani ya magemu ya ku Japan, amangoganiza za Mario basi, koma amene anayendetsa kampaniyi kuyambira 2002 mpaka pomwe anamwalira pa 11 Julayi 2015 anali Iwata, mnyamata wa ku Sapporo wobadwa mu 1959. Ndiye ngati mukufuna kumudziwa, osathamangira mbiri yaitali ayi, yambani mwasewera kaye gemu yomwe pulogalamu yake anailemba iye mwini.

Pezani Balloon Fight, ya m'ma 1984 ndi 1985, ilipo pa Nintendo Switch Online, njira yolipira yosewerera magemu pa makina a Switch. Musaiderere poona zithunzi zakalekale. Dinani batani muone mmene kamunthu kaja kakuulukira, kakupiza manja koma sikaima pompo, kamapitirirabe pang'ono ngati njinga yopanda buleki, ndipo mukasiya kudina kamatsika mwapang'onopang'ono. Kayendedwe kameneko ndi ntchito ya wolemba mapulogalamu weniweni, munthu yemwe ali ku sekondale ankapanga kale timagemu pa kalikuleta ya HP. Kenako yesani EarthBound ya 1994, imene ija inali itakakamira osatheka mpaka Iwata anabwera nkukonza kodi yake (code, malangizo oyendetsa gemu) mwatsopano.

Mukatero pitani pa intaneti musake Iwata Asks. Awa ndi macheza omwe anayamba mu 2006, bwana mwiniwake kukhala pansi nkumafunsa antchito ake mmene anapangira makina osewerera gemu a Wii ndi magemu osiyanasiyana. Apa mpofunika kufatsa. Osangowerenga mayankho okha, onetsetsani mafunsowo, chifukwa amafunsa ngati mnzawo wa pantchito, amadziwa pomwe kodi imavutira ndiye anthu aja amamasuka nkuulula ndi zomwe zinawakanika zomwe, kuseka mbwee. Khalidweli sanaliyambire ku Nintendo. Atapatsidwa utsogoleri wa HAL Laboratory, kampani ina yopanga magemu, mu 1993 ili mu ngongole ya mayeni pafupifupi 1.5 biliyoni, ankacheza ndi wantchito aliyense payekhapayekha kawiri pa chaka, ndipo ngongoleyo anaimaliza pa zaka 6.

Pa YouTube sakani zomwe anayankhula ku msonkhano wa opanga magemu wa Game Developers Conference mu 2005, pomwe ananena kuti pa khadi la ntchito ndi pulezidenti koma mumtima ndi wosewera gemu. Onjezani Nintendo Direct zakale, mavidiyo omwe iye ankalengezeramo zatsopano, zinayamba mu 2011.

Za DS (makina osewerera gemu a m'manja) ya 2004 ndi Wii ya 2006 sindichulukitsa, aliyense amadziwa kuti iliyonse inagulidwa kupitirira 100 miliyoni chifukwa iye ankafuna kuti agogo ndi amayi omwe sanagwirepo gemu nawonso azisewera. Kwa ine pomuonera bwino ndi pomwe zinthu zinavuta. 3DS, yolowa m'malo mwa DS, itayamba mwaulesi mu 2011 anatsitsa mtengo wake nkudula malipiro ake ndi theka, Wii U, yolowa m'malo mwa Wii, itakanika kuyenda malonda anadulanso theka mu 2014, ndipo anakana zochotsa anthu ntchito poti munthu wamantha sangapange gemu yosangalatsa. Wii U yo inaflopadi, zimenezo tisabise, ndipo musawerenge zomutama zokhazokha.

Pomaliza gwirani Switch. Inatuluka mu 2017 iye atapita kale ndi chotupa cha m'njira ya ndulu ali ndi zaka 55, koma anali atailengeza mu Malichi 2015 ndi dzina loti NX. Chotsani ka Joy-Con (kowongolera gemu ka m'mbali mwa Switch) kamodzi mupatse amene muli naye pafupi, musewere Balloon Fight awiri.