Momwe mungakonzekere kulowetsa bizinesi yanu mu ofesi yake yoyamba

Bizinesi ikakula mpaka anthu anayi kapena asanu osakwananso pabalaza, mtima umathamangira ofesi yooneka bwino. Yambani ndi tepi yoyezera. Munthu mmodzi amafunika malo a masikweya mita pakati pa 6 ndi 10, kuwerengera ndi podutsa komanso poika mashelefu. Desiki wamba imakhala ya masentimita 120 kapena 140 m'litali ndi 60 kapena 70 m'lifupi. Chipinda chopanda kanthu chimanamiza, chimaoneka chachikulu mpaka mutalowetsa mipando.

Kenako werengani ndalama. Lendi siyenda yokha: pali dipoziti, yomwe nthawi zambiri imakhala ya mwezi umodzi mpaka itatu, ndalama ya alonda ndi osesa, magetsi, madzi ndi intaneti. Ngati zonsezi simungazikwanitse kwa miyezi 6 popanda kasitomala watsopano, malowo akukulirani. Ndipo samalani ndi madobadoba amene amati mupereke kaye "yogwirira malo" musanaonane ndi mwini nyumba. Funsani kalata yosonyeza kuti munthuyo watumidwadi, ndipo ndalama ipite ku akaunti ya dzina lomwe lili pa mgwirizano, mulandire lisiti.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa mgwirizano komanso tsiku lolandira makiyi. Apa musapupulume ngakhale pang'ono, chifukwa dipoziti imathera pomwepa. Pepalalo linene momveka kuti denga likadontha kapena paipi ikaphulika akonza ndani, lendi idzakwera liti ndipo ndi zingati, komanso muyenera kudziwitsa miyezi ingati musanatuluke. Linenenso ngati muloledwa kuboola khoma, kupenta kapena kukhoma chikwangwani panja, ndi ngati mudzayenera kubwezeretsa zonse mmene zinalili potuluka. Zolonjezana pakamwa ziiwaleni. Mwini nyumba akati "izi tikonza sabata ya mawa," zilembedwe ndi deti lake. Kwa bizinesi yongoyamba, chaka chimodzi chokhala ndi mwayi woonjezera n'chabwino kuposa kudzimanga zaka zisanu musanadziwe kuti malonda ayenda bwanji.

Tsiku la makiyilo, musanalowetse ngakhale katoni imodzi, yendani chipinda chilichonse pamodzi ndi mwini nyumba kapena amene wamutuma. Jambulani ming'alu, magalasi osweka, matailosi othyoka, zitseko zosatsekeka bwino ndi mathothomathotho a pa siling'i, amene amaulula kuti denga limadontha ngakhale mwabwera nyengo yadzuwa. Penti yatsopano pakona imodzi yokha nthawi zambiri imabisa chinyontho, choncho gwirani khomalo ndi dzanja. Lembani zonse papepala, musaine nonse awiri, aliyense atenge lake. Mukapanda kutero, potuluka zowonongeka zonsezo zidzakhala zanu, ndipo mulibe umboni wotsutsira. Jambulaninso mita ya magetsi ndi ya madzi, nambala yake ndi pamene yafika, ndipo mutsimikize kuti amene anatuluka sanasiye ngongole. Ngongole yotere imavuta kuichotsa mukalowa kale, ndipo akadula, amene agone mumdima ndinu.

Magetsi ayeseni nokha. Tengani tchaja cha foni mulowetse pa soketi iliyonse, muwerenge zogwira ntchito. Soketi ya 13 amp pa magetsi a 230 volts imanyamula mawatsi pafupifupi 3,000. Laputopu imatenga ochepa, mwina 65, koma ketulo yokha imadya 2,000 kapena kuposa. Mukailumikiza pa ekisitenshoni imodzi ndi printa ndi makompyuta, magetsi azingozimazima kapena waya atentha. Maekisitenshoni otchipa aja, opepuka ngati mulibe kanthu, waya wake ndi woonda. Asiyeni, muitane wamagetsi wovomerezeka awonjezere masoketi, mutapempha chilolezo cha mwini nyumba.

Za intaneti funsani musanasaine ngati kampani yomwe mukufuna imafika pa nyumbayo, chifukwa kukoka waya watsopano kumatha kutenga masabata angapo. Itanitsani intanetiyo tsiku lomwe mwasaina. Router, kabokosi kogawa intaneti, ikhale pakati pa ofesi, pamwamba, osati mu kabati. Waya wa intaneti wa mtundu wa Cat6 usapitirire mamita 100. Pa UPS, batire yothandiza magetsi akazima, lumikizani router ndi makompyuta, koma printa ya laser ayi, imakoka mphamvu zambiri ikamatenthetsa. Sungani data ya pa foni yogwirira ntchito masiku oyamba.

Madesiki ndi mashelefu ogwiritsidwapo kale ntchito alibe vuto, koma pa mipando musaumire, anthu akhalapo tsiku lonse. Samukani kumapeto kwa sabata, mafailo a pa kompyuta mutawakopera kwina, katoni iliyonse italembedwa dzina la mwiniwake. Makompyuta nyamulani nokha. Sinthani maloko tsiku lomwelo, gulani chozimitsira moto cha CO2 chifukwa cha zipangizo zamagetsi, ndipo katundu mumulipirire inshulansi. Adiresi yatsopano ipite ku banki, ku ofesi ya misonkho, pa ma invoice ndi pa Google Maps Lolemba lisanafike.