Msambo ukachedwa, yezetsani kaye musanawiritse zitsamba

Pa ntchito yathu ya ulangizi pali funso limene amayi amafunsa chapansipansi, anzawo atabalalika: "Mwezi uno sindinaone, ndimwe chiyani kuti zitseguke?" Ambiri amakhala atauzidwa kale ndi mnzawo za masamba kapena mizu ina yowiritsa. Yankho langa silisintha. Musamwe kanthu musanadziwe ngati muli ndi pakati kapena ayi.

Ambiri amaganiza kuti msambo ukachedwa ndiye kuti magazi oipa atsekeka m'mimba ndipo akufunika kutsukidwa. Thupi siligwira ntchito choncho. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala mkati mwake pokonzekera mwana. Dzira likatuluka, thupi limapanga homoni ya progesterone imene imagwira zoyalidwazo kwa masiku ngati 14. Dziralo likapanda kukumana ndi umuna, homoniyo imatsika, zoyalidwa zija zimayoyoka, n'kutuluka ngati msambo. Choncho msambo ukapanda kubwera, kawirikawiri zifukwa zake ndi ziwiri: pali mimba, kapena dzira lachedwa kutuluka. Dzira limachedwa chifukwa cha kuyamwitsa, nkhawa, kuwonda kwambiri, matenda a chithokomiro, kapena msinkhu wosiya kusamba umene ambiri amaufika pakati pa zaka 45 ndi 55. Amene akubayitsa jakisoni wolera wa Depo-Provera amatha miyezi yambiri osasamba, ndipo palibe magazi amene amaunjikana m'thupi mwawo. Palibe tsamba limene lingakonze zimenezi usiku umodzi.

Nanga bwanji ena amati anamwa ndipo magazi anabwera? Nthawi zina msambo unali kale panjira. Nthawi zina ndi poizoni wa chitsambacho amene wafinya chiberekero kapena wasokoneza kuundana kwa magazi. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa pa zitsamba zambiri zoterezi, mlingo wotulutsa magazi uli pafupi kwambiri ndi mlingo wowononga chiwindi ndi impso za mayiyo.

Tengani pennyroyal, kachitsamba ka m'gulu la minti kamene anthu a ku Ulaya akhala akukagwiritsa ntchito kuyambira makedzana. Mafuta ake ali ndi mankhwala otchedwa pulegone. Chiwindi chikamayesa kuphwanya pulegone ameneyu, chimamusandutsa poizoni wina woopsa amene amapha chiwindicho. Mu 1978 mtsikana wa zaka 18 ku Colorado, m'dziko la America, anamwalira atamwa mafuta amenewa. Palinso rue, wa masamba owawa ndi fungo lamphamvu, amene ku South America amamutcha ruda. Ofesi yothandiza anthu omwa poizoni ku Montevideo, m'dziko la Uruguay, inalandira malipoti 86 a amayi amene anamwa zitsamba pofuna kuti mimba ichoke pakati pa 1986 ndi 1999. Rue anali pakati pa zitsamba zotchulidwa kawirikawiri, ndipo ena mwa amene anamumwa ziwalo zingapo za m'thupi zinasiya kugwira ntchito. Chitsamba china chotchedwa tansy chili ndi poizoni wa thujone amene amachititsa munthu kuphupha ngati wa khunyu. Blue cohosh wa ku North America amafinya chiberekero komanso mitsempha ya magazi, ndipo madokotala analembapo za makanda amene anabadwa ndi vuto la mtima amayi awo atamumwa chakumapeto kwa mimba.

Musaganize kuti zoopsa ndi za mayina achilendo zokhazi. Utomoni wachikasu wowawa wa alovera umatsegula m'mimba mwamphamvu, monganso mafuta a nsatsi, ndipo onsewa si oyenera mayi woyembekezera kumwa mwa iye yekha. Njere za nsatsi zili ndi poizoni wa ricin amene amapha. Makungwa a mizu ya thonje nawo akhala akudziwika kuti amagwedeza chiberekero.

Wina afunsa kuti kodi ndiye tisiye jinja, sinamoni ndi pasile? Ayi. Kachidutswa kokometsera chakudya si vuto. Vuto limayamba munthu akawiritsa mtolo wathunthu mpaka madzi atada, n'kumamwa makapu angapo patsiku, kapena akamwa mafuta ofinyidwa ku zomerazi, amene kadontho kake kamodzi kamachokera ku masamba ambirimbiri. Komanso chowiritsa chilibe mlingo wodziwika. Tsamba lothyoledwa m'chilimwe silifanana mphamvu ndi la m'dzinja, muzu sufanana ndi tsamba, ndipo zomera zina zimafanana maonekedwe moti ngakhale wozolowera amatha kusokoneza.

Tsopano taganizirani za mwana, ngati alipo. Pamene mayi akuti "ndadumpha sabata imodzi yokha", mwana amakhala ali ndi masabata ngati atatu chikhalireni, ndipo mtima wake umayamba kugunda cha pa tsiku la 22. Njira ya ubongo ndi msana imatsekeka cha pa tsiku la 28. Kuyambira sabata lachitatu mpaka lachisanu ndi chitatu ziwalo zonse zimakhala zikuumbika. Nthawi imene anthu amathamangira zitsamba ndi yomweyo imene mwana sachedwa kuvulala. Zitsambazi zingachititse mayi kupita padera, zingasiye zotsalira m'chiberekero zimene zimawola n'kubweretsa matenda oopsa a m'magazi, kapenanso mimba ingapitirire mwana atamwetsedwa kale poizoni. Ndakhala ndikumva chisoni cha amayi amene ankafunitsitsa mwana, anamwa zitsamba poganiza kuti akutsuka m'mimba kuti atenge pakati msanga, osadziwa kuti pakatipo panali patakhala kale.

Choopsa china chimene anthu sachidziwa ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero, makamaka mu chubu chodutsamo dzira. Imachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse. Imayamba ndi msambo wochedwa, kenaka timagazi tochepa ndi ululu wa mbali imodzi. Mayi amene wamwa zitsamba akaona timagazi timeneti amasangalala kuti mankhwala agwira, pamene chubu chatsala pang'ono kuphulika n'kutayira magazi mkati.

Chochita n'chosavuta. Kachipangizo koyezera mimba ndi mkodzo kamaonetsa bwino kuyambira tsiku limene msambo unayenera kubwera, makamaka ndi mkodzo woyamba wa m'mamawa. Kakaonetsa kuti mulibe mimba koma msambo sukubwerabe, yezaninso pakatha sabata. Dziwaninso kuti kusamba pakatha masiku 21 mpaka 35 n'kwachibadwa, ndipo kusintha ndi masiku ochepa si matenda. Zimathandiza kulemba tsiku loyamba la msambo mwezi uliwonse. Miyezi itatu ikadutsa popanda msambo, mimba palibe, simukuyamwitsa komanso simukugwiritsa ntchito njira yolera, pitani kuchipatala akafufuze chimene chagwira dzira. Ngati mimba ilipo, yambani sikelo msanga ndipo funsani mapiritsi a folic acid. Ngati mimbayo simunaiyembekezere ndipo mwathedwa nzeru, kalankhuleni ndi namwino kapena dokotala mwachinsinsi musanachite chilichonse. Inu abambo, azakhali ndi anzawo apamtima, mwana wamkazi akakuululirani kuti wadumpha mwezi, muperekezeni kokayezetsa. Musamupatse botolo.

Amene mwamwa kale, siyani lero lomwe. Musadikire kuti kuche ngati magazi akunyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, ngati mukumva ululu waukulu m'chinena kapena paphewa, chizungulire, kukomoka, kutentha thupi, kusanza kosalekeza, kapena kumaliseche kukutuluka zonunkha. Maso achikasu, mkodzo wakuda kapena wochepa ndi chizindikiro chakuti chiwindi kapena impso zavulala, ndipo zimenezi zimatha kuoneka patapita tsiku limodzi kapena angapo, munthu akuganiza kuti zadutsa. Popita kuchipatala tengani masamba, mizu kapena botolo la zimene munamwa. Auzeni adokotala mosabisa kuchuluka kwake, nthawi imene munamwa ndi tsiku limene munasamba komaliza, chifukwa chithandizo chimene angakupatseni chimadalira zinthu zimenezi.