Kujambula nyama zili kuseri kwa waya

Ena a kuno ku Chipata akapita ku Munda Wanga, malo osungirako nyama zakutchire ku Chilanga, amabwerako ndi zithunzi za waya yekhayekha, nyama osaoneka bwino. Funso lawo n'lakuti achite bwanji.

Fikani m'mawa akangotsegula geti, kapena dzuwa litapendeka. Masana, makamaka mu Okutobala, nyama zimangogona pamthunzi ndipo waya amanyezimira.

Sankhani mbali ya mpanda yomwe ili pamthunzi. Sendezani lenzi pafupi kwambiri ndi waya, pomwe malamulo akulola, iloze pakati pa bowo. Zumu ifike 200mm kapena kuposerapo, aperture (kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi) ikhale f/4 kapena f/5.6. Kenako dikirani nyama italikirane ndi mpanda, mamita atatu kapena kupitirira. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa: nyama ikatsamira waya, palibe kamera ingamufufute. Ikakhala patali, waya amazimiririka yekha pachithunzi.

Kamera ikamaonetsa bwino waya m'malo mwa nyama, zimitsani autofocus (yomwe imadzisankhira yokha chooneka bwino), muzungulize lenzi nokha mpaka diso la nyama lioneke bwinobwino. Diso likasokonekera, chithunzi chonse chatayika. Shutter (nthawi yomwe kamera imatseguka pojambula) ikhale 1/500 ya sekondi pa nyama yoyenda. Anyani olumphalumpha amafuna 1/1000, ndiye kwezani ISO (mphamvu ya kamera yolandira kuwala) kuti chithunzi chisade.

Ngati nyama ili kuseri kwa galasi, gundikizani lenzi pagalasipo ndipo zimitsani flash, chifukwa kuwala kumabwerera.

Chonde musagogode mpanda kapena kuponya chakudya kuti nyama itembenuke, kumeneko n'kuizunza. Pafupi ndi anyani gwiritsitsani foni ndi lamba wa kamera, manja awo amatulukira m'mabowo.