Momwe mungasankhire wosamalira m'bale wanu wodwala matenda osachiritsika pakhomo

Dokotala akati "mutengeni mukamusamalire kunyumba," mabanja ambiri amamva ngati chipatala chawataya. Si choncho. Khansa yomwe yafalikira, impso zomwe zasiya kugwira ntchito, mtima wotopa kapena kufa ziwalo zikhoza kukhala zosachiritsika, koma ululu, befu, mseru ndi zilonda zonse zili ndi thandizo lake. Kuchipatala chisamaliro chimenechi mudzamva akuchitcha palliative care, ndipo boma lidakhazikitsa ndondomeko yake mu 2014. Ntchito yanu ngati banja ndi kupeza manja oyenera oti agwire wodwalayo, ndipo manjawo akhale olumikizana ndi chipatala.

Choyamba: musachoke kuchipatala musanaonane ndi gulu lochepetsa ululu

Funsani namwino wa mu wodi kuti gululi lili kuti. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli Tiyanjane ya akuluakulu, yomwe idayamba mu 2003, komanso Umodzi ya ana. Ku Salima kuli Ndi Moyo, yomwe mayi Lucy Finch adatsegula mu 2007. Zipatala za mishoni monga St Gabriel's ku Namitete ndi Mulanje Mission nazonso zimapereka chisamalirochi. Ngati muli kutali ndi malo amenewa, yambirani pa chipatala cha boma lanu, kapena funsani a Palliative Care Association of Malawi, PACAM, kuti akulozereni koyandikira.

Zonse zilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo: dzina la matenda, mankhwala, mlingo wake, tsiku lobwereranso. Pemphaninso nambala ya foni ya munthu amene mungamuimbire zikavuta usiku, ndipo funsani ngati gululo limayendera odwala m'makomo a dera lanu.

Chachiwiri: mufunseni mwini wake

Ili ndi gawo lomwe timalilumpha kwambiri. Abale amakhala pa khonde kukambirana, ena akuimba foni kuchokera ku Joni, mwini matendawo ali m'chipinda osafunsidwa kanthu. Ngati akutha kuyankhula, mufunseni. Akufuna kukhala m'tauni kwa mwana wake kapena kubwerera kumudzi? Angalole kusambitsidwa ndi ndani? Agogo aamuna ambiri salola kuti mpongozi awavule, ndipo amayi achikulire ambiri sangamasuke ndi wosamalira wamwamuna. Munthu amene akuchita manyazi amabisa chilonda, amabisa kuti wadziipitsira, ndipo zikatero matenda ena amayambira pomwepo.

Ngati wasankha kumudzi, werengerani mtunda wofika kumene mankhwala ake amapezeka, makamaka nyengo ya mvula.

Chachitatu: dziwani kuti mukufuna munthu wa ntchito yanji

Namwino ndi wosamalira si munthu mmodzi. Kutsuka chilonda chakuya, kusintha katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo), kubaya jakisoni ndi kudyetsa kudzera pa chubu ndi ntchito za namwino. Kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa phala, kuchapa zofunda ndi kusintha matewera angachite munthu wophunzitsidwa bwino, kaya ndi wachibale, wolembedwa ntchito, kapena wodzipereka wa gulu la mpingo kapena la m'mudzi. Mabanja ambiri safuna namwino wogona pakhomo. Amafuna wosamalira wa tsiku ndi tsiku, ndi namwino wobwera nthawi ndi nthawi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amadziwa magulu odzipereka omwe akugwiradi ntchito.

Chachinayi: mufufuzeni, musachite manyazi

M'matauni muno anthu ndi mabungwe odzitsatsa pa Facebook ndi WhatsApp kuti amasamalira odwala pakhomo achuluka. Ena ndi akatswiri enieni. Yunifolomu yoyera yokha isakukhutiritseni. Wodzitcha namwino akuonetseni umboni woti adalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi ndipo chiphaso chake chikugwirabe ntchito. Dokotala ndi kilinikoofesa amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Onani chiphaso cha unzika. Pemphani nambala za mabanja omwe adawagwirirapo ntchito, ndipo aimbireni nokha.

Kenako mufunseni mafunso a ntchito. Wodwala wosatha kudzitembenuza amamutembenuza kangati? Yankho labwino ndi maola awiri aliwonse, uku akuyang'ana khungu la m'chiuno, pamatako ndi zidendene, poti ndi pomwe zilonda za pabedi zimayambira. Wofa ziwalo amamudyetsa bwanji? Ayenera kumukhazika tsonga ndi kumupatsa pang'onopang'ono, chifukwa chakudya chikalowera njira ya mpweya chimabweretsa chibayo. Wodwala akakana kudya, iye amatani? Amene wayankha kuti "timamukakamiza" musamutenge.

Ngati ndi bungwe, funsani kuti wosamalirayo akadwala amatumiza wina, ndi kuti amamuyang'anira ndani. Masiku oyambirira wachibale mmodzi akhalepo. Onani ngati wosamalirayo akumupatsa moni wodwalayo, kumutchula mwaulemu, kumuuza chomwe akufuna kuchita asanamugwire, ndi kutseka chitseko posambitsa.

Chachisanu: ululu

Apa ndi pamene ndikupemphani muike mtima wanu wonse. Wosamalira akhoza kukhala waukhondo, wodekha, wopemphera, koma ngati m'bale wanu akubuula usiku wonse, chisamalirocho chaperewera.

Pa ululu waukulu, monga wa khansa, achipatala amapereka morphine, nthawi zambiri wamadzi wakumwa. Mabanja ambiri amamuopa. Ena amati amafulumizitsa imfa, ena amati wodwala azolowera ngati chidakwa. Akaperekedwa pa mlingo womwe dokotala walemba, morphine amachotsa ululu, ndipo munthu amayambanso kugona, kudya ndi kucheza ndi zidzukulu. Wamadziyu amamwedwa pa nthawi yake, kawirikawiri maola anayi aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere kaye. Amadzimbitsa, choncho amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Masiku oyamba wodwala akhoza kumaodzera kapena kuchita mseru.

Wosamalira amene mukumusankha azidziwa zimenezi, kapena akhale wokonzeka kupita nanu kuchipatala kukaphunzitsidwa. Azilemba m'kope nthawi ndi mlingo womwe wapereka. Asamaonjezere kapena kuchepetsa payekha. Botolo lizikhala pokhomedwa, kutali ndi ana. Aliyense wobwera ndi mankhwala ake ogulitsa, kapena wolonjeza kuti achiritsa zomwe madokotala alephera bola musiye a kuchipatala, musamulole kuyandikira wodwala wanu.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani mgwirizano

Maola, malipiro, tsiku lopuma, chakudya, malo ogona, ndi ntchito zomwe si zake. Wosamalira wodwala asasanduke wophikira banja lonse. Gwirizananinso kuti magolovesi, sopo, matewera ndi thiransipoti azigula ndani. Ngati ndalama zikuchokera kwa abale a ku South Africa kapena ku Britain kudzera pa Mukuru, Airtel Money kapena Mpamba, zizifikira kwa munthu mmodzi wosankhidwa ndi banja, ndipo azilemba. Mikangano yambiri ya pamatenda imayambira pamenepa.

Musaiwale gadiyani wa m'banja, yemwe nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi kapena mkazi wa wodwalayo. Naye ndi munthu, amatopa. Gawanani masiku kuti azigonako.

Pomaliza: muziona ngati zikuyenda

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, yang'anani khungu la wodwalayo, m'kamwa mwake, zofunda ndi kope la mankhwala. Mufunseni ali yekha kuti akukhala naye bwanji wosamalirayo. Mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, mankhwala otha msanga, kapena wodwala kukhala chete wosamalirayo akangolowa, ndi zifukwa zokwanira kumusintha tsiku lomwelo. Ululu ukakula, mkodzo ukasiya kutuluka, magazi akayamba kapena mpweya ukamavuta, imbirani gulu lija la kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati simukuwapeza, Chipatala Cha Pa Foni chimayankha pa 929, mwaulere.