Kuthirira tomato amene mwamuokera m'chidebe chachikulu

Mwafunsa kuti tomato wanu mwamuokera m'chidebe chachikulu, ndiye muzimuthirira bwanji, nanga feteleza ayambe liti.

Mukangooka, thirirani pang'onopang'ono mpaka madzi atulukire pansi. Ngati chidebecho chilibe mabowo, boolani lero lomwe, chifukwa mizu imawola madzi akamangokhala. Kenaka muikeni pamthunzi masiku 3 kuti asafote.

Musamathirire mwachizolowezi chabe. Pisani chala m'dothi: mukapeza louma, thirirani m'mawa, likakhala lonyowa, dikirani. Dothi lambirilo limasunga madzi nthawi yaitali pamene mizu ikadali yaing'ono.

Feteleza ayambe pakatha masabata 2 kapena 3. Thirani pang'ono m'mphepete mwa chidebe, kutali ndi tsinde, dothi lili lonyowa. Ine ndimakonda manyowa a nkhuku owolerana bwino. Aawisi musayese, amawotcha mizu.